Chafutambuyo pa Mzere 214

Ofesi yathu ili pamwamba pa sitolo ya matayala ku Area 4.
Anzanga aweruka kale. Jenereta ya apansi ikutsokomola.
Ndatsala ndi laputopu, tiyi wozizira,
ndi kapepala kamene Mwandida wamata pa tebulo:
"Uone ngati misampha ikugwira pobwerera m'mbuyo."

Msampha wake ndi kadontho kofiira.
Umakaika pambali pa mzere,
pulogalamu ikafika pamenepo imaima chilili
ngati minibasi ya ku Kawale yaona chipewa choyera pamsewu.
Popita kutsogolo palibe mlandu.
Mzere 214, kuzungulira kakhumi, kuima kakhumi.
Ndawerenga ndi zala ngati mwana wa sitandade wanu.

Tsopano ndaiuza kuti bwerera.

Manambala ayamba kuvula zimene anavala.
Eyiti wabwerera kukhala seveni,
zophatikizidwa zikusiyana popanda mkangano,
chitseko chotsekedwa chatseguka chokha.
Yaima. Yaimanso. Yaimanso.
Kasanu ndi kanayi.
Ulendo wachikhumi uli kuti?

Ndabwereza. Kasanu ndi kanayi basi.
Udzudzu umodzi ukuyendera khutu langa
ngati nawonso watumidwa kudzaona ntchito.

Cha m'ma naini ndaipeza mbava:
pamene ndinati bwerera, phazi lake linali kale pa msampha,
ndiye inati, apa ndaima kale, sindiwerenga.
Ndakonza. Tsopano yakakamira pomwepo,
ndikati bwerera, ikuti ndafika,
ndikati bwerera, ikuti ndafika,
osasuntha ngakhale mzere umodzi,
mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi.

Ndaimbira Mwandida. Kumbuyo kwake mwana akulira.
Ndati, munthu woyenda chafutambuyo aime pati,
chinthu chitachitika kapena chisanachitike?
Wati, chisanachitike, iwe. Nanga tikubwereranji?
Tikufuna tione nkhope yake isanalakwe.
Mayunitsi andithera asanamalize kuseka.

Chisanachitike.
Ndalemba mayeso atatu, achinayi ndawafufuta.
Kutsogolo khumi. Kumbuyo khumi.
Ndaikankha mpaka kuchiyambi,
yandiuza mwaulemu kuti mbiri yathera pano,
kuseri kuno sitinajambule kanthu.

Koma taonani pawindo lakuda lapansili.
Mawu onse amene pulogalamu inalankhula popita
akadali pomwepo.
Mkati mwake zonse zabwerera, yayera ngati sinachimwepo,
koma chimene chinatuluka pakamwa chatuluka.
Mayeso anga sakhudza zimenezo.
Mwandida adzati si vuto lathu, ndipo adzakhala akunena zoona.

Lolemba, pa depoti, pafupi ndi ogulitsa mandasi,
mng'ono wanga Akuzike anandipempha ya lendi kachitatu.
Ndinati, kodi ine ndi banki yako?
Anthu anatembenuka.
Iye anangopinda kapepala kamene anagwira,
napinda kachiwiri, nakwera ya ku Area 25
osayang'ana kumbuyo.

Ndikudziwa mzere wake ndendende.
Ndikudziwa pomwe ndikanaika kadontho kofiira:
mpweya utalowa, lilime lisananyamuke.
Ndikanaima pamenepo, kondakitala ali kukamwa yasa,
mandasi ali m'mwamba pakati pa beseni ndi jumbo,
ndikanatsegula mutu wanga ndi kuwerenga zimene zinalimo:
kutopa, ngongole ya kuchipatala, njala ya masana,
ndi manyazi ena amene sindinawapatse dzina.

Madzi akatayika saoleka, tonse tinaphunzira.
Ine ndimalipidwa kuphunzitsa makina kuwaola,
ndipo usiku uno aola bwino, kakhumi konse.
Pansi pokha mpamene pakadali ponyowa.

Magetsi abwera. Jenereta yaleka kutsokomola.
Mayeso onse abiriwira.
Ndatumiza ntchito, ndatsuka kapu,
mlonda wa matayala wanditsegulira geti akuyasamula.

Pa kona pali mayi wa mayunitsi amene sagona msanga.
Ndagula a faivi handiredi.
Foni ya Akuzike ikuitana,
ikuitana,
ndipo ine ndaima pansi pa getsi la msewu,
mpweya utalowa.